Momwe mungaudziwire mudzi wa m'mapiri kapena wa m'chipululu

Mudzi wa pa chigwa chachonde mukhoza kuusuntha makilomita asanu kum'mawa kapena kumadzulo, anthu n'kumalimabe, n'kumatungabe madzi ngati kale. Mudzi wa m'chipululu kapena wa pakati pa mapiri aatali sungasunthidwe chotero. Unakhala pamene ulipo chifukwa malo ena onse oyandikana nawo munthu sangakhalepo chaka n'kutha. Choncho kaya mukukonzekera ulendo, kaya mwatumidwa kukagwirako ntchito, kaya ndinu aphunzitsi ofuna kuti ana a sukulu amvetse za malo amene sanawaonepo, funso loyamba ndi limodzi lokha: n'chifukwa chiyani anthuwa anamanga pano? Ine ndimaliyankha ndi mapu, pensulo ndi zithunzi za setilaiti, ndipo nyumba ndimaziyang'ana pomalizira.

Pezani mapu a 1:50,000 ngati alipo. Pa mapu amenewa masentimita awiri akuimira kilomita imodzi, ndipo amaonetsa akasupe, zitsime, tinjira ta miyendo ndi mizere yokhotakhota ija yosonyeza kukwera kwa malo. Mizereyi imayenda ngati akalozera m'munda wa pamtsetse: mzere uliwonse umatsata malo okwera mofanana. Ikathithikana ndiye kuti ndi chikweza kapena phompho, ikatalikirana ndi poyalana, ndipo pamene ikudutsa mtsinje imapindika ngati chilembo cha V choloza kumene madzi akuchokera. M'munsi mwa mapu mumalembedwa mamita amene ali pakati pa mzere wina ndi unzake, kawirikawiri 20. Werengani pamenepo musanayambe china chilichonse. Pambali pake tsegulani Google Earth kuti muone nthaka yeniyeni, komanso OpenStreetMap, imene nthawi zina imakhala ndi tinjira tomwe mapu a boma alibe. Mapu a pafoni otsogolera galimoto asiyeni kaye. Amadziwa misewu, koma phiri saliona.

Tsopano tsatani madzi, ndipo musathamangire kufunsa kuti pamudzipo pamagwa mvula yochuluka bwanji. Midzi yambiri yotere imamwa madzi amene anagwa kutali. Leh, ku Ladakh kumpoto kwa India, ili pa mamita pafupifupi 3,500 ndipo pachaka imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 100 basi, chifukwa mapiri a Himalaya amatchinga mitambo yochokera kumwera n'kuikhuthula mbali inayo. Midzi yozungulira kumeneko imalima ndi madzi oundana amene amasungunuka pamwamba pa mapiri. San Pedro de Atacama, ku Chile, ili m'chipululu chouma koopsa, koma imathirira minda ndi timitsinje tiwiri, San Pedro ndi Vilama, totsika m'mapiri a Andes. Ndiye pa mapu anu ikani chala pa mudzi, mutsate mzere wa buluu chokwera mpaka pamene wathera, mulembe mtunda wake ndi kukwera kwake. Kumeneko ndi kumene moyo wa mudziwo umagamulidwa. Mzere wa buluu wodukaduka ukutanthauza khwawa loyenda madzi nthawi zina zokha.

Khwawa louma musalipeputse. Mtsinje wa Kuiseb ku Namibia umatha pafupifupi chaka chonse uli mchenga wokhawokha, koma pansi pa mchengawo pali madzi, ndipo anthu a mtundu wa Topnaar akhala m'mbali mwake ndi mbuzi zawo kuyambira kalekale. Pa chithunzi cha setilaiti mtsinjewu umaoneka bwino kwambiri: kumwera kwake kuli milu ya mchenga wofiira, kumpoto kuli chigwa cha timiyala totuwa, pakati pali mzere wa mitengo yobiriwira. Mzere wa mitengo wotere, paliponse pamene mungauone m'chipululu, ukukuuzani kuti mizu ikufika pamadzi. Madzi osefukira amene amabwera mwa apo ndi apo ndi amene amakokolola mchenga wogwera mumtsinjemo, n'chifukwa chake milu ija imalephera kuwolokera kumpoto.

Kwina madzi amatuluka okha chifukwa malowo ndi otsika. Siwa, kumadzulo kwa Egypt pafupi ndi malire a Libya, ili m'chidikha chotsika kuposa nyanja yamchere ndi mamita pafupifupi 18, ndipo madzi a pansi pa nthaka amatumphuka m'akasupe ambirimbiri. Vuto la malo otere ndi losiyana ndi lomwe mlendo amayembekezera. Madzi alibe kolowera, amadikha, dzuwa n'kuwauma, mchere n'kutsala. Mukaona zoyerayera m'mphepete mwa minda ya kanjedza pa chithunzi, umenewo ndi mchere, ndipo ukukuonetsani mbali imene minda ikufa.

Chinthu chimene chimandisangalatsa kuposa zonse pa zithunzi za m'chipululu ndi mzere wa timaenje tozungulira, totalikirana mofanana, tochokera m'tsinde mwa phiri kulunjika ku mudzi. Koyamba munthu amayesa mabomba anaphulika motsatizana. Ayi, ndi ngalande ya pansi pa nthaka. Ku Iran amaitcha qanat, ku Algeria foggara, ku Morocco khettara, ku Oman falaj. Okumba amayamba ndi chitsime chakuya m'tsinde mwa phiri pamene pali madzi, kenako amaboola ngalande yotsetsereka pang'ono kwambiri mpaka itatulukira pamtunda, ndipo timaenje tija ndi potulutsira dothi ndi polowetsera mpweya. Palibe pampu, madzi amayenda okha. Chitsime choyambira cha qanat ya ku Gonabad, ku Iran, n'chakuya mamita pafupifupi 300, ndipo chinakumbidwa ndi manja. Bungwe la UNESCO linaika ma qanat 11 a ku Iran pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2016, ndipo asanu a ku Oman anali atalowa kale mu 2006. Kwa inu wowerenga mapu phindu lake ndi ili: pamene ngalandeyo yatulukira ndi pamene pali mtima wa mudzi. Madzi akumwa amatungidwa poyambirira, osamba ndi ochapira pambuyo pake, minda kumapeto. Ku Oman madziwa amagawidwa potengera nthawi, ndipo kale ankaiyeza ndi chithunzithunzi cha ndodo masana ndi nyenyezi usiku. Mukadziwa amene amathirira koyamba ndi amene amathirira komaliza, mwadziwa zambiri za mabanja a m'mudzimo musanalankhule ndi munthu.

Mukapeza gwero, funsani mwezi umene madziwo amafika. Ku Ladakh amafesa mu April ndi May, pamene madzi oundana a pamwamba sanayambe kusungunuka kwenikweni, ndipo madzi ochuluka amabwera mu June mbewu zitavutika kale. N'chifukwa chake injiniya wina wa komweko, Chewang Norphel, anayamba kupatutsira madzi a m'nyengo yozizira m'malo a mthunzi otsikirapo kuti aundane pafupi ndi minda, ndipo pambuyo pake Sonam Wangchuk anayamba kuwaunjika m'milu italiitali yosongoka imene imasungunuka pang'onopang'ono nthawi yofesa. Mudzi ukhoza kukhala ndi madzi okwanira mukawerengera chaka chonse koma n'kumasowa m'masabata asanu ndi limodzi amene akufunika. Zimenezi mapu sangakuuzeni. Google Earth ili ndi kabatani koonetsa zithunzi zakale, ndipo mukayerekeza za miyezi yosiyana mudzaona nthawi imene minda imabiriwira ndi nthawi imene imapserera.

Za nkhungu ndingotchula mwachidule. M'mphepete mwa nyanja ku Chile ndi ku Namibia kumabwera nkhungu yochokera kunyanja ngakhale mvula kulibe. Mudzi wa Chungungo ku Chile unayamba kulandira madzi okoledwa ndi maukonde oimikidwa pa phiri mu 1992, koma patapita zaka maukondewo anasiya kusamalidwa. Ngati mudzi wanu uli pakati pa nyanja yozizira ndi phiri, yang'anani mbali yoyang'ana kunyanja, mudzapeza tizomera pamene simumayembekezera.

Madzi mwawapeza. Tsopano onani kumene nyumba zinawathawira. Anthu a m'malo amenewa samanga pa nthaka yolimika, chifukwa ndi yochepa, komanso samanga pamene madzi amadutsa akakwiya. Shibam, ku Yemen, inamangidwa pa kamtunda mkati mwa chigwa cha Hadramawt, ndipo poti kamtundako n'kakang'ono, nyumba zake za njerwa zosawotcha zinakwera m'mwamba, zina nsanjika zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo. Ukaona mudzi wothinana chotero usafulumire kunena kuti ankaopa adani okha. Jambulani ndi pensulo malire a nyumba zakale, kenako malire a nyumba zatsopano. Nthawi zambiri mudzapeza kuti zakale zili pamwamba pa mzere winawake, ndipo zatsopano, pamodzi ndi sukulu ndi malo okwerera basi, zatsikira m'munsi mwake. Mzere umenewo sunalembedwe pa mapu alionse, koma ndi pamene madzi anafikapo nthawi ina.

Malo amene amanyenga anthu kwambiri ndi pakamwa pa chigwa chopapatiza, pamene khwawa latulukira poyera n'kumwaza miyala ndi mchenga, kumtunda kopapatiza, kumunsi kotambasuka. Pamenepo pamakhala potsetsereka bwino, madzi ali pafupi, miyala yomangira ili pomwepo. Koma muluwo unaunjikidwa ndi napolo, ndipo amene anaunjika sanamalize. Usiku wa pa 5 kucha wa pa 6 August 2010 mvula yamphamvu inagwa mwadzidzidzi ku Leh, matope ndi miyala zinatsika m'makwawa otere, ndipo anthu oposa 200 anafa, m'dera lomwe lija la mamilimita 100 pachaka. M'chipululu nthaka ilibe udzu woti uchedwetse madzi, ndipo mvula ikhoza kugwa kuphiri kumene simukuona, inu muli pa dzuwa. Musamange tenti kapena kuimika galimoto m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ukhale wosalala chotani. Nyumba nazonso sizinamangidwire mvula: linga lakale la Shali ku Siwa, lomangidwa ndi dothi losakaniza ndi mchere, linasungunuka ndi mvula ya masiku atatu mu 1926.

M'mapiri aatali kwezaninso maso. Tsatani chigwa kuchokera pamudzi mpaka pansonga, muone ngati pali madzi oundana olendewera kapena nyanja yotsekedwa ndi mulu wa miyala. Pa 31 May 1970 chivomezi chinagwetsa mbali ya phiri la Huascarán ku Peru, ndipo m'mphindi zochepa tauni ya Yungay inakwiririka. Ena mwa ochepa amene anapulumuka anali amene anathamangira pa kaphiri ka manda. Pa mapu a mudzi uliwonse wa m'chigwa ine ndimazunguliza ndi pensulo kamtunda kapafupi kotere, ndipo ndimalemba mphindi zimene munthu wokalamba angatenge kuti akafikepo.

Kenako dzuwa. Kumpoto kwa ikweta, mtsetse woyang'ana kumwera ndi umene umalandira dzuwa, ndipo kumwera kwa ikweta ndi woyang'ana kumpoto. M'zigwa za mapiri a Alps, ku Ulaya, zimenezi zimaoneka ndi maso: mbali ya dzuwa kuli midzi ndi minda, mbali ya mthunzi kuli nkhalango. Viganella, kamudzi ka kumpoto kwa Italy, sikaona dzuwa kuyambira pa 11 November mpaka pa 2 February chifukwa phiri limalitchinga, ndipo mu 2006 anaika pa mtsetse galasi lachitsulo la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi kuti liziponya kuwala pabwalo la mudzi. Ku Rjukan, ku Norway, anachita chimodzimodzi mu 2013 ndi magalasi atatu. Tauni imeneyo inamangidwa m'chigwa chamdima chifukwa cha mathithi opangira magetsi, ndipo kale mu 1928 anali atamanga kangolo koyenda pa chingwe kokwezera anthu kuti akaothere dzuwa pamwamba. Kuti mudziwe za mudzi wanu, onani kutalika kwa phiri lomwe lili mbali imene dzuwa limapendekera m'nyengo yozizira, ndi kuyandikira kwake.

Kuzizira kuwerengereni chonchi: mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Koma usiku wopanda mphepo lamuloli limatembenuka m'zigwa. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera pansi n'kudikha, kotero chisanu chimawononga mbewu za m'munsi mwenimweni pamene za pa phewa la phiri zili bwinobwino. Ichi ndi chifukwa china chimene midzi yakale imakhalira pakatikati pa mtsetse. Ndipo ngati mukupitako nokha, thupi lanu nalonso lili ndi malire ake. Kuyambira mamita 2,500 anthu ena amayamba kumva mutu, nseru ndi kusowa tulo. Mukadutsa mamita 3,000 musakweze malo ogona ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo zizindikiro zikakula, tsikani.

Mtunda wa m'mapiri musauyeze ndi makilomita okha. William Naismith wa ku Scotland anapereka kawerengedwe kosavuta mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Njira ya makilomita 6 yokwera mamita 900 ndiye kuti ndi maola pafupifupi atatu, ndipo amenewo ndi a munthu wamphamvu wopanda katundu. Ine ndimawonjezerapo ndithu. Werengerani chotero ulendo wa ku chipatala, ku sukulu ya sekondale ndi ku msika, ndipo mudzapeza kuti nthawi zina tauni yooneka yapafupi pa mapu si imene anthu amapitako, chifukwa pakati pali phiri. Amatsata chigwa chawo ngakhale chikhale chachitali, ndipo maukwati, chilankhulo ndi malonda zimatsatanso chigwa chomwecho. Supai, mudzi wa anthu a mtundu wa Havasupai mkati mwa Grand Canyon ku Arizona, uli makilomita pafupifupi 13 kuchokera pamene msewu wathera, ndipo makalata amafikako pa nyulu mpaka lero, m'dziko la America lomwelo.

Pezaninso mpata, pamene njira imadumphira phiri. Pa mapu mizere yokwera imapanga timapiri tiwiri ndi kotsika pakati. Lembani kukwera kwake ndi miyezi imene umatsekeka. Sani Pass, wolowera ku Lesotho kuchokera ku KwaZulu-Natal ku South Africa, uli pa mamita pafupifupi 2,870 ndipo chipale chofewa chimautseka nthawi zina m'nyengo yozizira. Zoji La, pa msewu wochokera ku Srinagar, kumpoto kwa India komweko, kupita ku Leh, wakhala ukutsekeka nyengo yozizira iliyonse. Mudzi wokhala kuseri kwa mpata wotere umakhala ndi nkhokwe zazikulu kuposa zimene kukula kwake kungafune.

Nthawi zina mudzachita zonsezi osapeza yankho. Madzi palibe, dzuwa ndi lankhanza kapena kuzizira n'kosaneneka, koma nyumba zilipo. Pamenepo funani dzenje la mgodi. La Rinconada, ku Peru, ili pa mamita pafupifupi 5,100 chifukwa cha golide. Coober Pedy, ku Australia, inayamba miyala ya opal itapezeka mu 1915, ndipo anthu ambiri amakhala m'nyumba zokumbidwa m'thanthwe pothawa kutentha, madzi n'kumachokera pa chitsime cha makilomita oposa 20. Midzi yotere ili ndi moyo wautali ngati wa mgodi wake. Kolmanskop, ku Namibia, inabadwa wogwira ntchito pa njanji wina, Zacharias Lewala, atatola dayamondi mu 1908, inakhala ndi chipatala ndi holo yovinira, ndipo pofika mu 1956 munalibenso munthu. Lero mchenga wadzaza m'zipinda. Zifukwa zina zofanana ndi zimenezi ndi siteshoni ya sitima, chipata cha pamalire a mayiko, kapena malo opatulika. Kwa ine midzi imeneyi ndi yosavuta kuimvetsa, koma ndi imene ndingakayikire kumangamo nyumba ya njerwa.

Mayina a pa mapu awerengeninso, chifukwa m'malo ouma anthu amatcha malo potengera chimene chimawasunga. M'mayiko a Chiarabu, dzina loyamba ndi Ain likunena kasupe, Bir chitsime, Wadi khwawa. Kumwera kwa Africa mayina othera ndi fontein ndi a akasupe, ndipo ku Tibet ndi ku Ladakh mawu akuti La amatanthauza mpata. Dzina la kasupe pamalo pomwe chithunzi chikuonetsa pouma likukuuzani kuti madzi a pansi anatsika, kawirikawiri chifukwa cha zitsime za mapampu zokumbidwa pafupi. Ma foggara ndi ma khettara ambiri anauma mwa njira imeneyi.

Mukafikako, pindani mapu muyende ndi munthu wa komweko, makamaka woweta ziweto kapena amene amatsegula ndi kutseka ngalande. Mayi wotunga madzi amadziwa mwezi umene kasupe amachepa kuposa ofesi iliyonse. Musafunse kuti kuno kumasefukira kapena ayi, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Funsani kuti, “Agogo, madzi aakulu amene munawaonapo anafika pati?” ndipo apempheni akulozereni mwala kapena mtengo wake. Funsani kumene ziweto zimapita mwezi ndi mwezi. Apa mudzazindikira kuti mudzi suthera pa nyumba yomaliza. Ku Alps, ku mapiri a Atlas a kumpoto kwa Africa, ku Lesotho ndi ku Andes komwe, banja limodzi limakhala ndi munda m'munsi, nyumba pakati, ndi msipu wa nyengo yotentha pamwamba, maola angapo kuchokera kunyumba, ndipo tizisakasa ta miyala timene mumationa patokha pa chithunzi si mabwinja, eni ake alipo. Amene amajambula malire a mudzi mozunguliza nyumba zokha amaudula miyendo, ndipo mikangano yambiri ya malo pakati pa midzi yotere ndi maboma kapena makampani imayambira pa mapu ojambulidwa chotero.

Pomaliza jambulani mapu anuanu pa pepala limodzi. Ikanipo gwero la madzi ndi miyezi yake, mzere umene madzi osefukira anafika, mbali ya dzuwa, mpata ndi maola oyenda, msipu wa kumtunda, ndi mayina monga momwe eni ake amawatchulira, ngakhale asiyane ndi a pa mapu osindikizidwa. Muwaonetse anthu awiri kapena atatu a misinkhu yosiyana kuti akonze, ndipo pakona lembani mwezi ndi chaka, chifukwa khwawa limasintha njira, chitsime chimauma, ndipo msewu watsopano umodzi ukhoza kutembenuza mbali imene mudzi wonse umayang'ana. Kope limodzi lisiyeni komweko, kwa amfumu kapena kusukulu.